Asewere Anga Ananditumiza Kukhitchini

Chibwenzi chake chitafika pokamba za ukwati, mwana wanga wamkazi anandipempha chinthu chimodzi chokha: kuti makolo a mnyamatayo, anthu a ku Kabulonga, dera la olemera muno mu Lusaka, asadzandione ndili pa njinga yamoto. Sanapemphe kuti ndiigulitse, chifukwa ankadziwa kuti pamenepo tikanakangana mpaka dzuwa kulowa. Anangoti tsiku lokakumana nawo ndidzapite pa takisi ngati munthu. Mawu akuti "ngati munthu" amenewo anandiima pakhosi, ndipo sindinawameze.

Njingayo ndinaigula ndili ndi zaka makumi asanu ndi zitatu, imvi zitayamba kale kutuluka m'ndevu. Si zija za anthu operekera zakudya m'makomo, zokhala ndi bokosi kumbuyo. Yanga ndi ya mpikisano, yofiira, yosongoka mphuno, matayala onenepa. Ukakwera sukhala tsonga ayi. Umachita kugonera thanki, mawondo atapindika, matako ali m'mwamba ngati munthu wofunafuna nsapato pansi pa bedi. Amene anaipanga ankaganiza za misewu yosalala ya kumaiko akutali, kumene munthu amathamanga mpaka mitengo kusanduka mpanda. Chelstone, kumene ndimakhala, sankamudziwa.

Anthu amandifunsa kuti ndinaigulira chiyani, ndipo ambiri amafunsa ali ndi yankho lawo kale m'thumba. Ena amati ndi ukalamba wofuna kubwerera ku unyamata. Ena amati pali kamtsikana kwinakwake. Zoona zake n'zakuti kwa zaka zoposa makumi awiri ndinkakwera minibasi kuchoka ku Chelstone kupita kuntchito ku Longacres, kumene ndimasunga mafaelo mu ofesi ina ya boma. Anthu anayi pampando wa atatu, bondo langa lili pamsana wa wina, chigongono cha wina chili m'nthiti mwanga, kondakitala akundiuza kuti ndisendere pamene palibe kosenderera. Mmawa uliwonse ndinkayang'ana khosi la munthu wa kutsogolo kwanga pa msewu wa Great East, galimoto zitaima ngati zili pamaliro. Tsiku lina njinga yotere inadutsa pakati pa mizere iwiri ya magalimoto, inalira kamodzi n'kuzimirira. Ndinayang'ananso khosi lija, linali ndi thukuta, ndipo ndinadziuza mumtima kuti sindidzafera pampando uwu.

Sindinama kuti njinga imeneyi ndi yabwino kuyendera mtauni. Ndi yozunza. Ili ndi magiya asanu ndi limodzi, koma pakati pa sabata ndimagwiritsa awiri okha. Pajamu, magalimoto akathithikana, dzanja lamanzere limatopa ndi kufinya kilatchi mpaka zala kuchita dzanzi, ndipo ndikafika kuntchito ndimayamba ndazitambasula ndisanagwire cholembera. M'mwezi wa Okutobala injini imatentha pakati pa miyendo, umamva ngati wakumbatira mbaula. Mahampu a ku Kabwata, kumene kuli makanika wanga, ndimawakwera chopingasa pang'onopang'ono, apo ayi mimba ya njinga imakhula pansi ndipo mtima wanga umakhulika nayo limodzi. Mvula ikagwa maenje amabisala m'madzi, ndiye umayenda ukupemphera. Msana umawawa, khosi limawawa. Ponyamulira katundu palibe, ngakhale kathumba ka shuga.

N'chifukwa chake ndinagula chikwama chachikulu chakuda ku Kamwala, choberekera kumsana. Mmawa uliwonse ndimapinda jekete la suti, tayi ndi nsapato za ku ofesi n'kuika mmenemo. Pathupi ndimavala jekete lachikopa, magolovesi, majombo ndi chipewa cholimba chophimba nkhope yonse, chagalasi lakuda. Ndikafika ku Longacres ndimakasintha m'chipinda cha mafaelo akale. Anzanga a mu ofesi anandiseka mwezi wathunthu. Kenaka anazindikira kuti ine ndimafika iwo akadali pamaloboti, ndipo madzulo ndimakhala nditasamba kale iwo asanaone n'komwe Avondale, pafupi ndi kwathu.

Amake mwana, akazi anga, sanakwerepo ngakhale kamodzi. Amati mpando wakumbuyo ndi waung'ono kuposa mbale ya ndiwo, ndipo iwo sangakwere chinthu chimene chitenje sichidziwa kokhala. Ankadandaula kuti amuna a anzawo amabwera ndi thumba la ufa m'galimoto, awo amabwera ndi phokoso. Akuluakulu a kumpingo kwathu, a kuchigawo cha kummawa anzanga amene tinakulira limodzi muno mu Lusaka, ananditengera pambali tsiku lina titatuluka m'mapemphero n'kundiuza kuti munthu wamsinkhu wanga ayenera kuyenda mwaulemu. Ndinawayankha kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo m'minibasi muja ndinkapanikizikamo ndekha, iwo ali m'magalimoto awo. Ndili ndi mtima wapachala, ndikudziwa, ndipo sindinabadwe dzulo kuti ndiusinthe.

Onsewo sanandipweteke. Amene anandipweteka ndi mwana wanga.

Ndi mwana mmodzi yekha wamkazi, ndipo ali wamng'ono ankandidikirira pasiteji ya minibasi kuti andilandire nyuzipepala. Tsiku lopempha lija anabwera pakhonde ndikupaka mafuta tcheni cha njinga, anagwada patali pang'ono kuti chitenje chisade.

"Adadi, nipempako chabe chimozi. Pa Satade mubwele na takisi monga muntu."

Ndinamufunsa kuti anthu a ku Kabulongawo anawauza zotani za ine. Anati anawauza kuti ndimagwira ntchito m'boma ndipo ndine mkulu kumpingo. Ndinafunsa ngati anawauza za njinga. Anayang'ana pansi n'kuyamba kutola timiyala. Anafotokoza kuti banjalo ndi la eni nthaka, Asoli amene agogo awo ankalima pamene pali tauni pano, anthu aulemu wawo, ndipo amake a mnyamatayo ndi munthu woyang'ana chilichonse. Anati mu Lusaka muno munthu wa pa njinga yamoto amamuona ngati wotumidwa basi. Ndinapukuta manja n'kumuuza kuti ndamva. Iye anapita akuganiza kuti ndavomera. Ine ndinatsala ndi funso limene linandidya sabata yonse: kodi mwana ameneyu akuchita nane manyazi? Akakalowa m'nyumba ya mpanda wautali ija, ine ndidzakhala bambo wake wa pabalaza kapena wobisa kuseri?

Loweruka lija amake mwana ndi mwanayo anatsogola mmawa, chifukwa mwanayo ankafuna kukathandiza apongozi ake kuphika. Ine ndinayenera kufika masana. Ndinasita suti, ndinapukuta nsapato, ndinatenga foni kuti ndiitane takisi. Ndikunena zoona, foniyo ndinaigwira. Koma pazenera ndinaona njinga yanga itaima pansi pa mtengo wa mapeyala, yotsukidwa dzulo lake, ndipo mawu aja akuti "ngati munthu" anabwereranso kukhosi. Ndinapinda jekete monga ndimachitira tsiku lililonse, ndinaika m'chikwama pamodzi ndi tayi ndi nsapato, n'kubereka.

Misewu ya ku Kabulonga ili ndi mitengo ndi mipanda, anthu oyenda pansi ndi ochepa. Njinga yanga ikamayenda pang'onopang'ono imang'ung'udza ngati galu womangidwa, ndipo agalu enieni a m'mipanda ankaiyankha nyumba ndi nyumba. Nditapeza nambala ya nyumbayo ndinaona geti lili lotsekula kale. Pakati pa bwalo panaima mayi wina wamtali, atavala diresi lachitenge losokedwa bwino ndi duku lofanana nalo, foni ili m'manja, nkhope itakwinyika. Ndinali ndisanawaonepo, koma ndinadziwa kuti ndi amake a mnyamata uja. Zimene sindinkadziwa n'zakuti anali ataitanitsa keke pafoni ndipo wobweretsayo anali atachedwa.

Anaona njinga, anaona chipewa, anaona chikwama chachikulu kumsana. Sanafunse kalikonse.

"Iwe, manje ndiye nthawi yobwela iyi? Zimya chinthu chako icho, uyende kumbuyo ku khitchini. Balendo bali pafupi kufika."

Makolo a mkamwini wako kapena a mpongozi wako ndi asewere ako, ndipo kwathu asewere ndi anthu oopana. Mumapatsana moni mutatalikirana, mutanjuta, mukuomba m'manja, maso ali pansi. Ngakhale dzina lawo sulitchula. Tsono asewere anga, tsiku loyamba kuonana, anandiitana kuti iwe. Mawu amenewo ndinali nditawamva komaliza kwa aphunzitsi a ku pulayimale.

Ndikanatha kukweza galasi la chipewa pomwepo n'kunena kuti ndine bambo wa mtsikana. Akanachita manyazi pang'ono, tikanaseka, nkhani ikanathera pageti. Munthu wanzeru akanachita zimenezo. Koma mutu wanga unali utatentha kale, ndipo ndinati mumtima, chabwino, mwati kukhitchini, tiyeni kukhitchini. Ndinazimitsa injini, ndinatsika, n'kuyamba kukankha njinga kuzungulira nyumba. Ndi yolemera, ndipo m'jekete lachikopa thukuta linkatsika ngati madzi. Asewere ankanditsatira pambuyo akulankhula osapuma. Anati anthu a njingafe tilibe mwambo, timangodziwa kukhula magalimoto a anthu pamsewu. Anati keke ikakhala itaphwanyika akandinenera kwa mabwana anga. Anandichenjezanso kuti ndisaponde maluwa.

Pakhomo la khitchini ndinaimika njinga, ndinatula chikwama pasitepe n'kuchitsekula. Ndinatulutsa nsapato zakuda zowala, n'kuziika pansi moyandikana. Ndinatulutsa tayi. Ndinatulutsa jekete la suti, ndinalikutumula n'kulipachika pagalasi la njinga. Asewere anasuzumira m'chikwama chopanda kanthu n'kufunsa kuti keke ili kuti. Ine ndinangoyamba kuvula magolovesi, chala chimodzichimodzi. Chipewa sindinavule.

Pamenepo mwana wanga anatulukira pakhomo la khitchini atanyamula thireyi ya matambula. Anali atavala chitenge, manja ali onyowa, monga mtsikana amene akuyesetsa kuti apongozi amuone kuti analeredwa. Kulira kwa njinga ija amakudziwa ngakhale ali m'tulo, ndiye ndikhulupirira kuti anali ataimva kale ikulowa pageti, ndipo ankangopemphera kuti makutu ake anama. Anaima pasitepe. Anayang'ana njinga, nsapato, kenaka galasi lakuda la chipewa changa.

Asewere anatembenukira kwa iye.

"Mwana wanga, ona uyu muntu, abwela chabe na nsapato. Umuziba?"

Mwana wanga sanayankhe. Sindikudziwa kuti chete ameneyo anatenga nthawi yaitali bwanji, koma ine ndinamva injini ikuthetheka pozizira, ndinamva mpopi ukudontha m'khitchini, ndinamva matambula akugundana pathireyi. Makani onse aja anandithera. Ndinachita mantha, mantha enieni, oposa a tsiku limene lole inandipanikizira m'mbali mwa msewu. Njira yothawira anali nayo. Akanatha kubwerera m'nyumba kukaitana amake, kapena kunena kuti sakudziwa amene ali m'chipewamo, ndipo palibe akanamuimba mlandu. Ndinazindikira kuti akatero ndivala magolovesi anga n'kutuluka pageti, ndipo pakati pa iye ndi ine padzakhala chinthu chimene ukwati, zidzukulu ngakhale maliro sizidzachotsa. Akulu amati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, koma mwambi ndi wosavuta kunena ukakhala kuti suli pakhomo la apongozi ako.

Anaika thireyi pansi. Anatsika sitepe, anakonza chitenge, n'kugwada pasimenti yotentha ija patsogolo panga. Anakweza manja onse awiri monga timalandirira katundu wa mlendo wolemekezeka. Maso ake anali ofiira, ndipo sichinali chisoni, unali mkwiyo.

"Atate, mwafika. Nilandileko katundu."

Sanati adadi monga amanenera kunyumba. Anati atate, mokweza, kuti asewere amve bwino. Ndinamasula lamba wa pachibwano, ndinavula chipewa n'kuchiika m'manja mwake. Mutu wanga wa imvi unatuluka utanyowa ndi thukuta.

Kenaka mayi wamtali uja, ndi diresi lake lokongola lija, anatsika pansi n'kugona chammbali pasimenti akuomba m'manja, monga amachitira amayi kuno akafuna kulemekeza kapena kupepesa kwambiri. Anatembenukira mbali inayo n'kuombanso.

"Basebele, nikhululukileni. Nachimwa, basebele."

Ndinanjuta nanenso, majombo akulira, ndikuomba m'manja n'kuwauza kuti adzuke, palibe mlandu, wolakwa ndine amene ndinabwera nditabisa nkhope. Pakamwa ndinkanena zimenezo, koma ndisaname, mumtima munali kachisangalalo koipa. Amake mwana anatulukira pakhomo atamva kuomba m'manja. Anaona asewere ali pansi, mwana atagwada ndi chipewa, ine nditanjuta pafupi ndi nsapato zanga. Anagwira m'chiuno n'kunena motsitsa kuti kwathu nkhuyu amadya ndi akulu, zopota n'kukapota mwana. Ankanena zoona.

Ndinavalira suti yanga pomwepo, kuseri kwa thanki ya madzi. Ndikulowa pabalaza ndinapeza mwana wanga ataika chipewa chija pakati pa tebulo lagalasi, pa kansalu koluka pamene panayenera kukhala keke. Palibe anayerekeza kuchisuntha. Tinakambirana za ukwati, za tchalitchi, za anthu oitanidwa, chipewa chili pomwepo, chofiira, chokhulika mbali imodzi, chikutiyang'ana tonse. Bambo a mnyamatayo, munthu wofatsa wovala magalasi, anapirira mpaka titadya, kenaka anandifunsa monong'ona ngati ndingawalizireko injini tisanabalalike.

Keke inafika tili pakati pa kudya. Amene anaibweretsa anali bambo wina wamsinkhu ndithu, pa kanjinga kotopa ka bokosi kumbuyo, ndevu zake zili ndi imvi ngati zanga. Ndinaona pazenera asewere akutuluka okha kukamulandira. Anamuitana kuti imwe, anamufunsa za jamu, ndipo anamupatsa madzi ozizira m'tambula. Munthuyo anadabwa, anayang'ana uku ndi uku ngati pali wina amene akulankhulidwa. Ngati pa zonse ndinachita tsiku limenelo pali chimodzi chimene sindichita nacho manyazi, ndi tambula ya madzi imeneyo.

Dzuwa litapendeka ndinatsanzika. Ndinasinthanso zovala, ndinalizira asewere aamuna injini mpaka agalu a mumsewu wonse anadzuka, kenaka ndinakankhira njinga kugeti. Mwana wanga anandiperekeza yekha, atanyamula chipewa. Kunja kwa mpanda, kumene kunalibe wotimva, anaima.

"Mwachita dala, adadi. Munafuna kuniyesa."

Ndinavomera. Ndinalibe bodza loti ndimupatse. Anandiuza kuti inde, anali ndi manyazi, ndipo sakana. Anati ankaopa kuti anthuwo andiseka, ndipo iye sakanatha kukhala m'banja limene linaseka bambo wake. Anati zimene ankaopazo n'zimene zinachitikadi, ananditenga ngati wotumidwa, ndipo ine ndinamuimika pakati, apongozi uku, bambo uku, thireyi ili m'manja.

"Sininakukaneni, na mailo sinizakukanani. Koma musakaniyesenso. Nine mwana wanu, sindine buleki."

Ndinamuuza kuti pa kumuyesako ndalakwa, ndipo ndinapepesa, ine amene kupepesa kumandivuta kuposa kukankha njinga pamtunda. Koma ndinamuuzanso kuti pa njingayo sindipepesa kwa iye, kwa asewere, kwa akulu a mpingo kapena kwa wina aliyense mu Lusaka muno, ndipo Lolemba ndidzakwera kupita kuntchito monga mwa masiku onse. Anati akudziwa, makani anga anawayamwa nayenso. Ndipo ndinakweradi Lolemba limenelo, ndikukwerabe mpaka lero, msana ukuwawa chomwecho.

Pageti paja sanandipatse chipewa m'manja. Anandiveka yekha, anakoka lamba wa pachibwano n'kumanga mwamphamvu kuposa mmene ndimamangira ine. Anagogoda pagalasi kawiri ndi chala n'kundiuza kuti ndikafika ndimuimbire.

Loweruka madzulo msewu wodzera ku Avondale umakhala wopanda magalimoto ambiri, ndipo ndi pamene ndimailola njinga yanga kutambasula miyendo pang'ono. Tsiku limenelo sindinapitirire giya lachitatu. M'maso munali madzi, ndipo m'chipewa chotseka mulibe mopisa dzanja kuti upukute. Lamba uja ankandifinya pakhosi njira yonse, koma sindinamumasule mpaka nditafika ku Chelstone.